Kalipentala amene anakonza chipinda changa cha mabuku ku Mchinji

M'nyumba imene malemu bambo anga anasiya pafupi ndi boma la Mchinji ndimakhalamo makamaka m'miyezi ya June ndi July, nthawi imene chisanu cha m'bandakucha chimatsika kuchokera ku malata n'kukulowa mpaka m'mafupa. Chaka chino ndinaganiza zoikonza, ndipo ntchito yonse ya matabwa ndinaipereka kwa kalipentala wina amene shopu yake ili kuseri kwa msika.

Siling'i anaika bwino, ndipo kuzizira kunachepa ndithu. Koma luso lake ndinalionera pa mashelefu. Ine ndinkafuna paini poti ndi wotsika mtengo, iye anakana mwaulemu nanena kuti, "Bambo, mabuku anuwa saopa kuzizira, amaopa chiswe ndi chinyezi." Anasankha mlombwa, anakweza shelefu yapansi kuti isakhudze simenti, ndipo kumbuyo anasiya mpata wolowa dzanja pakati pa thabwa ndi khoma kuti mpweya uziyenda nthawi ya dzinja. Asanadule thabwa lililonse anayeza buku lalitali kwambiri ndi tepi, chinthu chimene amisiri ambiri sachiganizira n'komwe.

Mabuku amenewa ndawasonkhanitsa kwa zaka zambiri. Ena anasindikizidwa ku Nkhoma m'kalembedwe kakale, kamene kanalemba "Acewa" ndi "Cinyanja" popanda h, chilankhulochi chisanapatsidwe dzina la Chichewa ngati chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo mapepala ake afiira moti amathetheka ukawapinda. Tsiku lina ndinamupeza atatsegula limodzi mosamala, utuchi uli m'manja, nandifunsa kuti Fort Manning ndi kuti. Nditamuuza kuti ndi pomwe waimapo, popeza ndilo linali dzina la boma lino nthawi ya atsamunda, anaseka mpaka kugwira khoma.

Zodandaulitsa zilipo. Analonjeza milungu iwiri koma inakwana isanu, ndipo nthawi zina foni yake sinkapezeka. Choipa kwambiri n'chakuti anandiuza kuti vanishi wauma pamene anali asanaumitse, kotero chikuto cha buku limodzi chinamatirira pa thabwa n'kung'ambika pochotsa. Anapepesa ndipo anachotsako ndalama pa mtengo, koma chikutocho sichingabwerere.

Ndingamutumenso ntchito, chifukwa malumikizidwe a matabwa ake ndi olimba ndipo sabisa ming'alu ndi penti. Amene ali ndi mabuku akale adikire sabata yathunthu vanishi atapakidwa, ngakhale mmisiriyo atalumbira kuti wauma.