Kutumiza mamita a pa bokosi la magetsi kumudzi: transipota, basi kapena DHL?

Anzanga a kuno ku Joni amene munatsegula chigayo kumudzi, dandaulo lanu ndimalidziwa: mota yapsanso. Kawirikawiri mota imakhala ilibe mlandu. Magetsi a fezi zitatu akabwera fezi imodzi itafooka kapena itazimiratu, mota imapitiriza kuzungulira ikukoka mphamvu yambiri pa ziwiri zotsalazo mpaka mawaya a mkati atanyeka. Mnyamata wa pachigayo saona kanthu, amangomva fungo zinthu zitaonongeka kale. N'chifukwa chake ambiri tayamba kutumiza timamita ta digito toika pa chitseko cha bokosi la magetsi.

Kamita kameneka kamaonetsa ma volt a fezi iliyonse, ma amp amene mota ikukoka, komanso ma kWh (mayunitsi a magetsi amene mwagwiritsa ntchito), kuti mudziwe ngati ndalama za magetsi zikugwirizana ndi matini amene akuti agaya. Mamita ena ali ndi relay (switchi yodziyendera yokha) yoti magetsi akatsika kwambiri iliza alamu kapena kudula contactor (switchi yaikulu yoyatsa ndi kuzimitsa mota), ndipo pa chigayo mita yotereyi ndiyo yofunika. Magetsi a ESCOM ndi a kuno ndi amodzimodzi, 230V pa fezi imodzi, 400V pa zitatu, 50Hz, choncho mita yogula ku masitolo a zamagetsi a Voltex kapena ACDC imagwira kwathu popanda vuto. Musanagule funsani kukula kwa bowo la pa chitseko. Mita ya 96 x 96 mm imalowa pa bowo la 92 x 92, ya 72 x 72 singakhazikike pamenepo. Ndipo mita yokha siyeza ma amp a mota yaikulu. Pamafunika ma CT atatu, timphete todutsitsamo chingwe cha fezi iliyonse, monga a 100/5 kapena 200/5 malinga ndi kukula kwa mota.

Pa katumizidwe, ma CT amenewa ndi amene amasokoneza. Mita ndi yopepuka, galasi lake silichedwa kusweka, pomwe ma CT ndi chitsulo ndi kopa, olemera ndithu. Zikakhala m'katoni imodzi, mabampu a msewu wa ku Tete amazimenyanitsa.

Matransipota ndi amene ambiri timadalira, ndipo pa mtengo palibe wowaposa. Amabwera kudzatenga katundu pakhomo, mtengo mumakambirana pamaso, ena amakatula mpaka pa boma la kwanu. Koma galimoto yawo siinyamuka isanadzaze, ndiye "tinyamuka Lachisanu" wawoyo mumumvere ndi khutu limodzi. Vuto lina ndi kapakiridwe. Transipota wina, dzina ndisamutchule, anaika katoni yanga pansi pa firiji ndi matumba a zovala ngakhale ndinalembapo ndi maka wamkulu kuti ndi zosweka. Mita inafika galasi litang'aluka pakati, manambala akuoneka theka. Nditamuimbira anangoti, "Achimwene, msewu uja mukuudziwa." Panalibe pepala lililonse lomugwirira. Ngati mukutumiza zolemera monga ma CT, ma contactor ndi zingwe, transipota ndi wabwino, koma alembe mndandanda wa katundu, asayine, inu mujambule katoniyo asanaikweze.

Mita yeniyeniyo ine ndimakonda kuipatsira munthu wodziwika amene akukwera basi pa Park Station. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza umatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo kabokosi kake kamakwana m'chikwama cha m'manja, osati kunsi kumene amaponyerako masutikesi. Mumpatsenso lisiti la kusitolo. A MRA pa Mwanza kapena pa Dedza akafunsa mtengo wa chinthu, lisiti ndi limene limayankha. Popanda lisiti mtengo amauyerekeza okha, ndipo wonyamulayo sangatsutse chifukwa chinthucho sakuchidziwa n'komwe. Ndalama ya msonkho muimpatsiretu, si bwino kuti mnzanu apinyolitse foni pa boda chifukwa cha katundu wanu.

DHL ndi anzake otumiza pa ndege amafulumira, amakupatsani nambala yolondolera katundu, ndipo za msonkho zimayenda mwa dongosolo. Amalipiritsa potengera kulemera kapena kukula kwa katoni, ndiye ma CT atatu akhoza kudya ndalama yoposa mtengo wa mita. Njira imeneyi ndi ya pamene chigayo chaima nyengo yokolola, tsiku lililonse makasitomala akupita kwa mnzanu.

Ena amati bwanji osangotumiza ndalama akagule ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Zimatheka, makamaka ngati muli ndi wamagetsi wokhulupirika amene apite yekha kusitolo. Mukatuma m'bale wosadziwa, adzabwera ndi mita ya fezi imodzi kapena ma CT osagwirizana ndi mota. Ndalama ya wamagetsi womangirira mita ine ndimatumiza pa Mukuru: ndimalipira pa Shoprite, iye amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Hello Paisa ndi Mama Money aliponso, ndipo musangoyang'ana chindapusa chotumizira, yang'anani makwacha amene afike m'manja pa randi iliyonse tsiku limenelo. Tumizani theka poyamba, theka linalo ntchito ikatha.

Ikatha ntchito muimbirane pa vidiyo ya WhatsApp mota ikuzungulira. Aonetse kuti nambala ya CT imene waika mu mita ndi yomwe yalembedwa pa CT, chifukwa akaika 100/5 pomwe timpheteto ndi ta 200/5, mita izionetsa theka la ma amp enieni. Mumuchenjezenso mnyamata wa pachigayo kuti asamasule mawaya a CT mota ikuyenda. Pamenepo pamatuluka ma volt okwera kwambiri oti n'kumuvulaza.