Jeep Grand Cherokee ya 2015: yokoma pamsewu, koma ndodo ya giya muisamale

Anthu amandiimitsa pomwetsera mafuta n'kumandifunsa za Jeep Grand Cherokee ya 2015 imene ndimayendera. Kodi ndi yolimba? Imamwa bwanji? Nanga masipeya mumawapeza kuti? Chimene chikuwakopa ndikuchidziwa. Zakale za mtunduwu zimatsika mtengo msanga ku Joni, moti ndalama imene siingakugulireni Prado ya zaka zomwezo ikhoza kukubweretserani Jeep ya mipando yachikopa. Mafunsowa ndiwayankha, koma sindinakumanepo ndi munthu wofunsa za ndodo ya giya, chonsecho m'pamene pagona nkhani yaikulu ya galimoto imeneyi.

Zokoma zilipo, ndipo n'zambiri. Yanga ndi ya dizilo, injini ya 3.0 ya masilinda 6 yopangidwa ndi VM Motori ya ku Italy, magiya ake ndi 8 a otomatiki ochokera ku ZF ya ku Germany, ndipo galimoto yonse amailumikiza ku Detroit. Ndikanyamuka ku Blantyre kulowera ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, zitunda za ku Ntcheu ndi Dedza imangozimeza osabuula. Kupitirira thiraki yodzaza simenti sikufuna kupemphera kaye, mukangoponda yapita. M'kati mwake muli zii, mukhoza kucheza ndi wa kumbuyo osakweza mawu, ndipo maenje a m'misewu yathu amafika kumsana atafooka kale. Pafupi ndi giya pali kachozungulira kosankhira mtundu wa msewu, monga mchenga, matope ndi miyala. M'dzinja ndikamapita kumudzi ku Thyolo ndimakaika pa matope, ndipo dothi lofiira loterera lija, limene limagoneka maminibasi m'ngalande, silinandigonetsepo panjira.

Kuthumba ndiye imaluma. Thanki yake imalowa malita pafupifupi 93. Masiku a mizere ya mafuta zimathandiza, chifukwa mukadzaza kamodzi mumaiwalako kwa kanthawi, koma tsiku lodzazalo mumalimva. Galimotoyi imalemera kupitirira matani awiri, choncho m'tauni, poima n'kunyamuka pa Ginnery Corner, musayembekezere kuti idzamwa ngati Vitz. Masipeya a Toyota mumawapeza paliponse mu Limbe, koma a Jeep ambiri mumachita kuitanitsa kunja n'kudikira, ndiye muganizirenso za kusowa kwa ndalama zakunja. Makanika wake akhale woti ali ndi kompyuta yoyezera galimoto, osati wongomvetsera kulira kwa injini. Zonsezi munthu ukhoza kuzipirira ngati unaziwerengera usanagule.

Tsopano za ndodo ya giya. Imene tonse tinazolowera m'galimoto za otomatiki imatsala pamene mwaisiya. Mukaikankhira pa P imakhala kutsogolo, mukaikokera pa D imakhala kumbuyo, ndipo ngakhale mumdima dzanja limadziwa lokha kuti galimoto ili pati. Ya mu Grand Cherokee ya 2014 ndi 2015 si yotero. Ndi kachogwirira kakafupi, kooneka ngati chilembo T, kokhala ndi batani pambali. Sikalumikizana ndi giyabokosi kudzera pa chitsulo kapena chingwe chokoka, kamangotumiza uthenga wamagetsi. Mukakakankha n'kukasiya, kamabwerera pakati pomwe kanali. Galimoto ikhale pa D, pa R, pa N kapena pa P, kachogwirirako kamaima malo amodzimodzi. Kuti muchoke pa D kufika pa P mumayenera kudutsa timagawo titatu, ndipo timagawoto n'tofewa, mumangomva kakugunda pang'ono m'chikhatho. Mukalekeza panjira chifukwa chofulumira, mwaisiya pa N kapena pa R, dzanja likukuuzani kuti mwamaliza. Chokuuzani zoona ndi kachilembo kowala pamwamba pa chogwiriracho ndi pa dashibodi basi, ndiye ngati maso anu ali pa geti kapena pa foni, palibe china chokukumbutsani kupatula kabelu kolira mukatsegula chitseko. Galimoto zamakono zimalira pa chilichonse, lamba, magetsi, chitseko, mpaka khutu limasiya kulabadira.

Palinso china chimene akuluakulu oona za chitetezo cha pamsewu ku America, a NHTSA, anachitchula pofufuza nkhaniyi kuyambira mu 2015. Galimotoyi imalizidwa ndi batani, ndipo mukadina batanilo kuti muzimitse giya isali pa P, injini siizima. Munthu amatsika akuganiza kuti wazimitsa, pamene injini ikuyendabe chamunsimunsi. Iwo ananena mosabisa kuti ndodoyi siiyenderana ndi zimene woyendetsa anazolowera, ndipo siimuuza mokwanira, m'dzanja ngakhale m'maso, giya imene wasankha. Mu April 2016 kampani ya Fiat Chrysler, imene inkapanga Jeep, inaitanitsa galimoto zoposa 1.1 miliyoni padziko lonse kuti zikakonzedwe: Grand Cherokee za 2014 ndi 2015, komanso Dodge Charger ndi Chrysler 300 za 2012 mpaka 2014. Pofika June chaka chomwecho a NHTSA anali atalandira madandaulo 686, okhudza ngozi 266 ndi anthu ovulala 68.

Mwezi womwewo ndi umene anamwalira Anton Yelchin, wosewera m'mafilimu wa ku America. Mnyamata ameneyu ndinkamukonda ndisanalote n'komwe zokhala ndi Jeep, ndipo sindingalembe za galimotoyi osamutchula. Anabadwira ku Leningrad, kumene lero ndi St Petersburg, pa 11 March 1989. Makolo ake, Viktor ndi Irina, anali akatswiri ovina motsetsereka pa ayezi, ndipo anasamukira ku America ngati othawa kwawo mwanayo ali ndi miyezi 6. Anali mwana mmodzi yekhayo. Anayamba kusewera m'mafilimu ali wamng'ono, moti mu 2001 anaonekera limodzi ndi Anthony Hopkins asanathe n'komwe msinkhu. Ambiri tinamudziwa mu 2009, ali ndi zaka 20, pamene anasewera Pavel Chekov mu Star Trek, kamnyamata ka tsitsi lopotana, kolankhula Chingerezi cha Chirasha, kothamanga m'makonde a chombo cha m'mlengalenga kali ndi yankho m'mutu. Gawo lake silinali lalikulu, koma akangolowa maso ankapita pa iye.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti ndalama za mafilimu akuluakulu sizinamusokoneze. Ankabwerera ku timafilimu ta ndalama zochepa kumene wosewera alibe pobisala. Mu Like Crazy, imene inapata mphoto yaikulu pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance mu 2011, anasewera mnyamata amene chibwenzi chake chikuphwasuka pang'onopang'ono chifukwa cha nkhani ya viza, ndipo aliyense amene anasiyapo mkazi kapena mwamuna kumudzi n'kupita kukasaka ntchito kunja akhoza kuizindikira nkhope imeneyo, yomwetulira pa foni mtima uli kwina. Mu Green Room anali woimba gitala wogwidwa ndi mantha, ndipo mantha akewo ankakulowa iwe woonera. Sankakuwa kuti aoneke. Mawu ake anali osasa pang'ono, maso ake ngati a munthu amene wagona mochedwa akuwerenga. Atamwalira m'pamene anthu anadziwa kuti moyo wake wonse ankalimbana ndi cystic fibrosis, matenda obadwa nawo amene amadzaza mapapo ndi makhololo olimba, ndipo ankayenera kudzithandiza kupuma tsiku ndi tsiku asanapite kukajambula. Ambiri ogwira naye ntchito sankadziwa. Ankajambulanso zithunzi, ankaimba m'gulu la oimba, ndipo anali kukonzekera kutsogolera filimu yake yoyamba.

Usiku wa Loweruka wolowera pa 19 June 2016 anayenera kukumana ndi anzake kuti akakonzekere ntchito ina. Sanafike. Anzakewo atapita kunyumba kwake ku Studio City, mu Los Angeles, cha m'ma 1 koloko usiku, anamupeza atapanikizika pakati pa Grand Cherokee yake ya 2015 ndi chipilala cha njerwa ndi mpanda wa pageti. Njira yolowera kunyumbako inali yotsetsereka kwambiri. Apolisi anati Yelchin anatsika m'galimoto kwa kanthawi, galimotoyo n'kutsetsereka kumutsata. Oyeza thupi anapeza kuti anafa chifukwa cholephera kupuma, chifuwa chitapanidwa. Anali ndi zaka 27. Munthu amene anamenyera mpweya kuyambira ali khanda, n'kupambana mpaka kufika pamenepo, anadzathera pageti la nyumba yake.

Star Trek Beyond inatuluka patangopita mwezi umodzi, mu July, ndipo J.J. Abrams, mkulu wokonza filimuyo, ananena kuti gawo la Chekov sadzalipereka kwa wina. Makolo ake anasumira Fiat Chrysler mu August 2016. Loya wawo anati kalata youza mwini galimoto kuti njira yokonzera vutoli yapezeka inafika mnyamatayo atamwalira kale. Kampaniyo inakana mlandu, ndipo mu March 2018 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti, ndalama zake sizinaululidwe.

Tikamva za wosewera wachinyamata wofa ndi galimoto, maganizo amathamangira kwa James Dean, amene anafa pa 30 September 1955 ali ndi zaka 24, Porsche yake itawombana ndi galimoto ina pamsewu wa ku California. Imfa yotero timadzitonthoza nayo kuti ife sitiyendetsa galimoto za mpikisano. Ya Yelchin siikupatsa pothawira. Panalibe liwiro, panalibe galimoto ina. Anachita chinthu chimene ine ndimachita madzulo alionse.

Taganizirani mmene Blantyre alili. Nyambadwe, Namiwawa, Sunnyside, Chilomoni, Soche, mageti ambiri ali pachitunda kapena pamtsetse. Si tonse tili ndi mlonda kapena geti loyendera magetsi. Umafika, kuima, kutsika injini ikulira, kukatsegula geti uli kutsogolo kwenikweni kwa galimoto. Ukakhala ndi mwayi, kamwana kamva hutala n'kuthamangira kudzatsegula, iwe n'kutsika kuti utenge katundu kumbuyo. Matani awiri akayamba kuyenda pamtsetse wotero, palibe dzanja lingawaimitse. N'chifukwa chake nkhani ya ku Los Angeles imandikhudza ngati yachitika kuseri kwa nyumba yanga.

Vuto lina ndi lakuti kalata yoitanitsa galimoto imapita kwa mwini amene kampani ikumudziwa. Galimoto ikagulitsidwa kawiri katatu, n'kuwoloka pa Beitbridge, pa Nyamapanda, mpaka kudzalowa pa Mwanza, palibe amene angakulembereni. Mukhoza kuyendetsa zaka osadziwa kuti inkafunika kukonzedwa.

Kukonzako si kusintha ndodo. Amaika pulogalamu yatsopano m'kompyuta ya galimoto, yotchedwa Auto Park, imene imalowetsa yokha giya pa P woyendetsa akamasula lamba n'kutsegula chitseko galimoto itaima kapena ikungokwawa. Yanga ili nayo, ndipo ndinaonetsetsa zimenezi ndisanapereke ndalama. Musanagule, lembani nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17 ija, mufunse ogulitsa Jeep ovomerezeka a m'dziko limene galimotoyo yachokera ngati ntchito yotchedwa S27 inachitika. Tsamba la NHTSA pa intaneti limathandiza pa galimoto zimene zinagulitsidwa ku America, koma zathu za chiwongolero cha kumanja njira yake ndi ya ogulitsawo. Wokugulitsani akamazemba funso limeneli, musiyeni ndi galimoto yake.

Ngakhale ili ndi Auto Park, pulogalamu sindiisiyira moyo wa ana anga. Buleki yoimikira ya galimotoyi si ya dzanja ayi, ndi chopondera cha phazi la kumanzere, chimene chili m'munsi chakumbali, ndipo munthu wamtali chimamukhudza mwendo pa ulendo wautali. Mukachiponda chimagwira, mukachipondanso chimamasuka. Oyendetsa otomatiki ambiri sachikhudza n'komwe. Ine ndikaima ndimakankha ndodo mpaka kumapeto, ndimayang'ana P pa dashibodi, ndimaponda choponderacho, kenako ndimachotsa phazi pa buleki pang'onopang'ono ndili pampando kuti ndimve ngati yagwira. Aliyense wobwereka galimotoyi, kaya ndi mlamu, kaya ndi mnyamata wotsuka amene akufuna kungoisuntha pang'ono, ndimayamba ndamukhazika pansi n'kumuonetsa. Wobwereka ndiye ali pangozi yaikulu, chifukwa dzanja lake linazolowera ndodo ya galimoto ina.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati mumayenda maulendo ataliatali, muli ndi makanika wodalirika ndiponso mtima wodikira masipeya, Grand Cherokee idzakusangalatsani kuposa mmene mtengo wake ukuonekera. Ya 2014 kapena 2015 muitenge pokhapokha mwaona umboni wakuti inakonzedwa. Koma ngati thumba likulola kuwonjezerako pang'ono, funani ya 2016 kupita m'tsogolo. M'menemo anabwezeramo ndodo imene imatsala pamene mwaisiya. Muonetsetse ndi dzanja lanu pogula, chifukwa chaka cholembedwa pa bulubuku nthawi zina chimakhala cholembetsera galimoto, osati chimene inapangidwa.