Rauta ya 4G ya tinyanga tiwiri: nyenyezi 4 mwa 5

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutaipa pa Ntcheu boma, m'mbali mwa msewu wa M1. Rauta iyi ndidaigula ku Lilongwe ndipo yatha miyezi 7 ikugwira ntchito. Netiweki imakoka bwino, ndipo magetsi akazima n'kubweranso imadzuka yokha. Pamenepo ndilibe nayo mlandu.

Chomwe chandivuta ndi dzina lake. Kunsi kwa rauta adamatako kapepala kolembapo 192.168.1.1 ndi dzina loti muzilemba mukafuna kulowa m'masetingi. Dzinalo limangoloza ku IPv4 basi, mtundu wakale wa maadilesi a pa netiweki, osati ku IPv6, mtundu watsopano. Tsiku lina intaneti idayamba kuduladula, mayi wina ataima pakauntala ndi mafomu a mwana wake oti atumizidwe. Ndidafuna kuona ngati kompyuta ikuifikira rauta pa IPv6, dzina lija osathandiza, kabuku kakenso sikatchula kanthu.

Pa IPv6 geti lotulukira kupita pa intaneti, lomwe amati default gateway (kwa ine ndi rautayo), kompyuta siilandira kudzera pa DHCP, njira yogawira maadilesi, ngati pa IPv4. Rauta imadzilengeza yokha ndi uthenga wa Router Advertisement, ndipo adilesi yake imayamba ndi fe80, yogwira ntchito pa netiweki ya m'nyumbamo mokha. Ndi yaitali, ya mabiti 128 pomwe ya IPv4 ndi 32, komanso imafuna kuwonjezera % ndi dzina la khadi la netiweki kumapeto. Ndidaikopera pakapepala kuchokera pa zomwe kompyuta imaonetsa ukalemba ip -6 route, n'kulakwitsa kawiri.

Adandipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga. Adati, “Malume, pa Ubuntu ingolembani ping -6 _gateway.” Ubuntu ndi mtundu wa Linux womwe uli pa kompyuta yanga, ndipo ping imayesa ngati rauta ikuyankha. Kadash kapansi koyambirirako musakaiwale: systemd, pulogalamu yoyendetsa zinthu mu Ubuntu, idasintha dzinali kuchoka pa gateway kukhala _gateway mu 2017. Dzinali silifunsidwa kwa DNS, yomwe imasandutsa maina kukhala maadilesi, ayi, kompyuta imayang'ana yokha geti lomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Rauta idayankha pompo, ndiye ndidadziwa kuti vuto lili kunja, osati pa waya wanga. Ndidasuntha rauta kuiika pawindo, mafomu a mayi aja n'kupita.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya zimenezi. Opanga akanangoika adilesi ya IPv6 pa dzina lomwelo, kapena kuionetsa patsamba loyamba la masetingi. Kompyuta ina ya m'shopu ndi ya Windows, ndipo _gateway kumeneko kulibe. Ndimalemba ipconfig n'kukopera fe80 ija ndi dzanja.