Pulogalamu yoyang'anira madisiki pa seva yodzisamalira tokha: mmene yayendera patapita miyezi

Papita miyezi yambiri chiikireni pulogalamu yoyang'anira malo osungira mafayilo mkati mwa VM (kompyuta yongoyerekezera yoyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni) pa seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) ya ku ofesi kwathu, ndipo zimene ndaona makinawo atagwira ntchito usana ndi usiku n'zosiyana ndi zimene ndinkaona m'masabata oyambirira. Dongosolo lake ndi lakuti opanga pulogalamuyo amapereka VM yokonzeratu, yogwiritsa ntchito ZFS, njira yosungira ndi kusamalira mafayilo pa madisiki, koma seva yeniyeniyo pamodzi ndi hypervisor yake (pulogalamu yoyendetsa ma VM), yomwe kwa ife ndi ya mtundu wa KVM, zili m'manja mwathu. Iwo amayankha za mkati mwa VM mokha, pamene zonse za pansi pake zimakhala pamutu pa wogula, ndipo pafupifupi zonse zimene zandidyera nthawi m'miyezi imeneyi zachokera pansipo.

Pulogalamuyo payokha ndilibe nayo dandaulo. ZFS imasunga checksum, nambala yotsimikizira kuti deta sinasinthe, ya chidutswa chilichonse cha deta chimene yalemba, ndipo mwezi uliwonse timailamula kuchita scrub, kutanthauza kuwerenga zonse zimene zili pa madisiki n'kuziyerekeza ndi ma checksum aja. Tsiku lina m'mawa ndinapeza uthenga wakuti scrub yapeza zolakwika pa disiki imodzi mwa ziwiri zimene zimasunga zinthu zofanana, ndipo yakonza kale malo owonongekawo potenga deta yabwino pa disiki inzake. Nditatsegula malipoti a SMART, amene disiki imapereka yokha onena za thanzi lake, ndinaona kuti chiwerengero cha malo owonongeka pa disikiyo chikukwera, choncho ndinalemba nambala yake pakapepala, n'kupita nako ku seva, n'kuzula disiki yoyenera popanda kukayika. Yatsopano italowa, ZFS inakoperamo zonse anthu akugwira ntchito zawo, osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu.

Zimenezi zinatheka chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chinakonzedwa pa seva, osati mu pulogalamu. Khadi la HBA, limene madisiki onse amalumikizidwako, tinalipereka lathunthu kwa VM kudzera mu PCI passthrough, moti hypervisor siwaona n'komwe madisikiwo. Kuti izi zitheke pamafunika kuyatsa VT-d pa purosesa ya Intel kapena AMD-Vi pa ya AMD (zimene zimalola kupereka chipangizo mwachindunji kwa VM), kuonetsetsa kuti khadilo silili m'gulu limodzi la IOMMU (gulu la zipangizo zimene zimaperekedwa kwa VM pamodzi) ndi zipangizo zina zimene seva ikuzifuna, komanso kuti khadilo lizingopereka madisiki monga alili, osawamanga kukhala RAID, kutanthauza kuwaphatikiza kuti aoneke ngati disiki imodzi. Munthu akapatsa ZFS madisiki ongoyerekezera opangidwa ndi hypervisor, zonse zimaoneka ngati zili bwino, koma malipoti a SMART safika kwa pulogalamuyo, ndiponso pamene ZFS yauzidwa kuti deta yalembedwa, nkutheka kuti ikadali mu cache ya seva, malo amene deta imadikirira isanalembedwe pa disiki, malinga ndi mmene cache yakonzedwera. Aliyense wofuna kudumpha gawo la passthrough limeneli ndingamulangize kuti asayambe n'komwe ntchitoyi.

Komabe passthrough ili ndi zake zimene imalanda. RAM (malo amene kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) yonse imene VM yapatsidwa imamangika, moti hypervisor singaibwereke kuti ithandize ma VM ena, ndipo popeza ZFS imagwiritsa ntchito RAM yambiri posunga deta yowerengedwa kawirikawiri, gawo lalikulu la seva limathera kumeneko. VM yotereyi sungaisamutsire ku seva ina ikugwira ntchito. Chinanso chimene ambiri sachiganizira n'chakuti snapshot (chithunzi cha mmene deta ilili panthawi imeneyo) yotengedwa pa hypervisor imangogwira disiki yaing'ono imene pulogalamuyo imayambirapo, koma deta yonse ya kuseri kwa HBA siikhudza ngakhale pang'ono.

Vuto limene landiganizitsa kwambiri ndi la kudalirana kwa makina. Ma VM athu ena amasunga madisiki awo pa malo amene pulogalamu yomweyi imapereka kudzera mu NFS, njira yogawana mafayilo pa netiweki, ndiye kuti seva ikudalira VM imene ikukhala mkati mwake, ngati munthu wokhoma chitseko kiyi ali m'nyumba. Seva ikayaka, VM ya madisiki iyenera kuyamba yokha, kupeza madisiki onse, n'kutsegula NFS, ndipo ena onse ayenera kudikira mpaka itatsiriza. Pozimitsa zimayenda mobwerera, VM ya madisiki n'kukhala yomalizira. Magetsi atathima kwa nthawi yaitali ndinaona UPS, chipangizo cha batire chopatsa seva mphamvu magetsi akathima, ikulamula seva kuzima, ma VM akutseka mmodzimmodzi batire ikutsika, ndipo ndinazindikira kuti nthawi yodikirana ija iyenera kukwanira m'mphindi zimene batire ingapirire. Kuyambira pamenepo VM ya DNS, imene imamasulira maina a makompyuta kukhala maadiresi awo pa netiweki, tinaisamutsira pa SSD (disiki yothamanga) ya seva yeniyeniyo, kuti isamadikire wina aliyense. Chifukwa cha kudalirana komweku, kukonzanso kernel (chimake cha pulogalamu) ya hypervisor, komwe kumafuna kuyatsanso seva, kumatanthauza kuimitsa ofesi yonse, choncho timakuchita usiku titadziwitsiratu anthu, ndiponso titawerenga ngati mtundu watsopanowo uli pa mndandanda wa zimene opanga pulogalamu amavomereza.

Za liwiro sindinena zambiri. Kuwerenga kumathamanga ndithu, ndipo kulemba kudzera mu NFS, komwe poyamba kunkachedwa chifukwa chodikira chitsimikizo chakuti deta yafikadi pa disiki, kunasintha titaika SSD yapadera ya SLOG (pamene ZFS imayamba yalemba mwachangu deta yofuna chitsimikizo), ya mtundu wosataya deta magetsi akathima mwadzidzidzi. Timayesetsanso kuti malo osungira asadzaze kupitirira 80 peresenti, monga ambiri odziwa ZFS amalangizira.

Pamene tinafunsa thandizo kwa opanga pulogalamu pa nkhani ya kuchedwa ija, anayankha mwaulemu ndiponso mwachangu, koma mafunso awo oyamba onse anali okhudza seva: RAM yochuluka bwanji, khadi la mtundu wanji, hypervisor yake iti. Sindikuwaimba mlandu, pakuti sangayankhe za makina amene sanawaonepo, koma wogula ayenera kudziwa kuti pafunika munthu wa m'nyumba momwemo amene amaimvetsa seva kuyambira ku BIOS (pulogalamu yoyamba kugwira ntchito kompyuta ikayaka) mpaka ku netiweki. Ofesi imene ilibe munthu wotere ichita bwino kugula makina osungira oima paokha.

Ife tipitiriza ndi dongosolo limeneli, chifukwa seva imodzi ikugwira ntchito ya makina awiri ndipo deta sinatayikepo. Usiku uliwonse ma snapshot a ZFS amatumizidwa ku kompyuta ina yapadera, pamodzi ndi fayilo ya makonzedwe a pulogalamuyo, ndipo tinayesa kale kulumikiza madisiki ena a ZFS ku kompyuta imeneyo n'kuona kuti akutseguka popanda VM, kuti tsiku limene seva idzafe tidzangozula madisiki n'kuwasamutsa.