Montessori, Waldorf kapena Reggio Emilia: mwana wa zaka zitatu apite kuti?

Makolo anzanga akhala akundifunsa funso limeneli mobwerezabwereza, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi. Zoti njira zitatu zophunzitsira anazi zimafuna mwana aziphunzira pogwiragwira zinthu ndi kusewera, osati kungoloweza zonena aphunzitsi, mukuzidziwa kale.

Pa Waldorf sindichedwapo. Rudolf Steiner, katswiri wa maganizo wa ku Austria, anaiyambitsa ku Stuttgart, ku Germany, mu 1919, pophunzitsa ana a anthu ogwira ntchito pa fakitale ya ndudu. Nthano, nyimbo ndi ntchito zamanja amazitha kwabasi. Koma kuwerenga ndi kulemba amadikira mwana ayandikire zaka 7, choncho mukadzamusamutsa msanga akapeza anzake ali patali. Funsaninso za ziphunzitso zauzimu za Steiner, poti ndiwo maziko ake.

Montessori ndiye inandipweteka mtima, ngakhale njira yakeyo ndimaikonda mpaka lero. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula sukulu yotchedwa Casa dei Bambini (Nyumba ya Ana) mu 1907 m'dera la San Lorenzo ku Rome, kuti asamalire ana a amphawi amene makolo awo ankaswera kuntchito. M'kalasi yeniyeni ana a zaka 3 mpaka 6 amakhala pamodzi, wamkulu n'kumathandiza wamng'ono. Mwana amasankha yekha chochita ndipo amapatsidwa pafupifupi maola atatu osadodometsedwa. Zipangizo zake anazikonza moti mwana akalakwitsa amaona yekha, mphunzitsi asanalankhule.

Izi ndi zimene ndinalipirira mwana wanga. Pachikwangwani panalembedwa Montessori, fizi inali yokwera, ndipo titalembetsa kale anatiuza kuti palinso ndalama ina ya zipangizo. Zipangizozo zinalipodi, koma pashelefu yapamwamba, zaukhondo ngati zogulitsa, poopa kuti ana angaziwononge. Anawo anali atakhala m'mizere, akubwereza zilembo mofuula pambuyo pa mphunzitsi. Mwana amene kunyumba sankatha mafunso anayamba kudikira kuuzidwa ngakhale mtundu wa chekeni choti ajambulire. Chimenechi ndicho chinandiwawa kuposa ndalamazo.

Vuto ndi lakuti dzinali lilibe mwini. Ku America, mu 1967, akuluakulu oona za zizindikiro za malonda anagamula kuti palibe bungwe lingalitenge kukhala lakelake, ndipo m'maiko ambiri aliyense akhoza kulilemba pakhoma. Bungwe la AMI (Association Montessori Internationale), limene Montessori mwiniwake anakhazikitsa mu 1929, limaphunzitsa aphunzitsi, koma silingaletse munthu kugulitsa dzinalo. Njira imene inayambira ana osauka lero yasanduka nyambo yokolera makolo amene ali ndi kangachepe, ndipo osaukawo sakuifikanso.

Mtima wanga wapendekera ku Reggio Emilia, ndipo sindibisa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha mu 1945, makolo a m'mudzi wa Villa Cella, pafupi ndi mzinda wa Reggio Emilia ku Italy, anagulitsa kasinja, mahatchi ndi malole zimene asilikali a Germany anasiya, n'kumanga okha sukulu ya ana awo. Mphunzitsi wina, Loris Malaguzzi, anagwirizana nawo, ndipo mu 1963 khonsolo ya mzindawo inayamba kutsegula sukulu zake za mkaka. Kumeneko ana amafufuza nkhani imodzi kwa masabata, aphunzitsi n'kumalemba ndi kujambula zimene anawo akunena ndi kuchita, makolo aziona. Sukulu imakhala ya anthu onse a m'deralo, kholo lili ndi mawu. Kumene kholo limalowa m'kalasi momasuka, n'kovuta kubisa zipangizo pashelefu.

Nayonso ili ndi pake povuta: ilibe silabasi yolembedwa, choncho mphunzitsi akakhala waulesi ana amangotaya nthawi.

Ine ndingasankhe Reggio, kenako Montessori ya mphunzitsi wophunzira bwino, Waldorf pomaliza. Koma musanapereke ndalama, pemphani kukhala m'kalasi m'mawa wonse, muone ngati manja a ana akufika pamashelefu, ndipo mufunse kuti mphunzitsi anakaphunzira kuti. Ndalama zonse zowonjezera akulembereni papepala tsiku lomwelo.