Ndemanga: miyezi isanu ndikubwereka mabuku a chikondi kwa mayi a ku Limbe

Ndapereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodzi ndaichotsa pa zifukwa zomwe ndinene kumunsiku, koma ndalama zanga sizinalowe m'madzi ayi.

Mayiwa ndinawadziwa kudzera mwa mnzanga wa ku Mvano. Tsiku lina tikudikira minibasi kuti idzaze pa depoti ya Limbe, iye anatulutsa buku m'chikwama n'kuiwaliratu kuti ndilipo. Nditamufunsa anangoti, "Achemwali, ndisiyeni kaye, abusawa atsala pang'ono kufunsira." Ndinaseka, koma madzulo omwewo ndinamuuza kuti andilowetse m'gulu lawo la pa WhatsApp.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mabukuwo ndi a kaunjika, a Chingerezi, ndipo mayiwo amawasunga m'makatoni kunyumba kwawo. Onse ndi a mtundu umodzi: nthano za chikondi zolembedwa ndi Akhristu, zochitika kalekale, nthawi ya ngolo za akavalo ndi nyali za mafuta. Amajambula zikuto n'kuziika pagulu, iwe n'kusankha. Ine ndimalipira K2,000 pa buku limodzi kwa masabata awiri, kuphatikiza chikole cha K5,000 chomwe ndinapereka poyamba ndipo amabweza ukasiya kubwereka. Ndalama ndimatumiza pa foni. Loweruka timakumana ku Limbe kapena pa Ginnery Corner, ndipo ukatanganidwa amatumiza mnyamata wa kabaza, wolipira n'kukhala iweyo. Pofika lero ndawerenga mabuku asanu ndi anayi.

Chomwe ndimawakondera kwambiri n'chakuti mabuku awo anawawerenga okha. Sangokupatsa lililonse. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Mayi, mumapemphera kuti? Nanga mumakonda nkhani yokuliritsani kapena yokuseketsani?" Nditati ndine wa CCAP, anati, "Basi, yambani ndi la ku Scotland. Mukadzalimaliza mudzandiimbire." Nanunso mukafuna bukuli ingonenani kuti lija la ku Scotland, amalidziwa.

Bukulo ndi lomwe landichititsa kulemba ndemangayi. Nkhani yake ikuchitika mu 1843. Mtsikana amagwira ntchito mu fakitale ya thonje m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kulowa kusanache, kuweruka kutada. Ndinakumbukira kuti David Livingstone naye anayamba ntchito yotereyi ali ndi zaka 10 m'mudzi wa Blantyre wa kwawoko, womwe dzina lake ndi lomwe mzinda wathu unatengera. Ndinakumbukiranso azakhali anga omwe ankagwira ku fakitale ya nsalu ku Makata, akubwera madzulo tsitsi lili mbuu ndi thonje. Bambo a mtsikanayu ndi mkulu wa mpingo. Mnyamata yemwe akumufuna ndi m'busa wongodzozedwa kumene, ali ndi nyumba ya mpingo ndi malipiro, ndipo makolo avomera kale. Zonse zikuoneka kuti zili bwino.

Kenako mpingo unagawanika. Izi si zopeka ayi, zinachitikadi. Pa 18 May 1843, mu mzinda wa Edinburgh, abusa ambiri anatuluka mu msonkhano waukulu wa Church of Scotland motsogozedwa ndi Thomas Chalmers ndi anzake, n'kuyambitsa Free Church. Onse omwe anachoka anaposa 400. Mkangano unali wakuti eni minda olemera anali ndi mphamvu yosankhira mpingo m'busa ngakhale akhristu ake asakumufuna. Otulukawo anasiya matchalitchi, nyumba ndi malipiro. M'madera ena eni minda anawakaniza malo omangapo, moti anthu ankapempherera panja m'nyengo yozizira.

M'busa wa m'bukuli anatuluka nawo. Apongozi ake anatsala, n'kunena kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wogawa nyumba ya Mulungu, wopanda ndi denga lomwe. Apa ndi pomwe wolemba anandigwira mtima, chifukwa sanawapange bamboyo kukhala woipa. Ndi munthu wopemphera, wokonda mwana wake, ndipo nyumba yomwe akukhala ndi ya eni fakitale. Akatsatira mkamwini, banja lonse ligona panja. Ndani wa ife sanaonepo kholo lotere? Mtsikanayo naye sanathawe usiku kukalowana. Anakhala pakhomo pa makolo ake, osavomera wina aliyense, osanyozanso bambo ake, kwa zaka zinayi.

Pali malo amodzi omwe ndinawerenga katatu. M'busayo akulalikira m'munda, chipale chofewa chikugwa, anthu afunda mabulangete. Mtsikanayo waima patali kuseri kwa mpanda wa miyala, poti bambo ake anamuletsa kulowa mu msonkhanowo ndipo iye akusunga mawu awo. Awiriwa salankhulana, sagwirana ndi dzanja lomwe. Mnyamatayo amangoona kansalu ka kumutu kuseri kwa miyala, mawu n'kumuthawa pang'ono, kenako n'kupitiriza kuwerenga salimo. Ndinali ndikuwerenga ndi tochi ya foni magetsi atazima, ndipo ndinalira mpaka bambo a kunyumba anadzuka n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi kwabwera uthenga wa maliro?" Mathero ake sindikuuzani.

Mawa lake bukulo analitenga ndi iwowo. Amati nkhani za chikondi si zawo, koma masamba a kumapeto omwe wolemba anafotokozapo mbiri anawawerenga onse. Ndiwo anandikumbutsa kuti mipingo iwiri ija inafika kuno kwathu. Omwe anatuluka ndi omwe anatumiza amishoni a Livingstonia, omwe anafikira ku Cape Maclear mu 1875. Omwe anatsala ndi omwe anayambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, pamalo omwe anasankha Henry Henderson, mwini dzina la sukulu ya HHI. Ndipo mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana n'kupanga CCAP, a Nkhoma n'kulowa mu 1926. Ndiye kuti mbali ya m'busa uja ndi mbali ya apongozi ake zinadzakhala pa gome limodzi kuno ku Malawi. Ndakhala mu mpingowu chibadwire, koma zimenezi zinandilowa mumtima chifukwa cha buku la chikondi lobwereka. Sabata yotsatira ndikudutsa pa St Michael and All Angels ndinaima kaye n'kuyang'ana njerwa zija, zomwe makolo athu anaumba ndi kumanga pamodzi ndi abusa David Clement Scott kuyambira 1888 mpaka 1891. Ndinaziona ndi maso ena.

Mabuku enawo sanafike pamenepo, koma ambiri ndi abwino. Anayi anali a ku America, a akazi oyenda ulendo wautali pa ngolo kukakwatiwa ndi amuna omwe amangolemberana nawo makalata, ndi limodzi la nthawi yomwe anthu ankathamangira golide ku California mu 1849. Lina linali nkhani ya Rute ndi Boazi yoikidwa m'munda wa tirigu ku England. Chomwe chimandisangalatsa mwa onsewa n'chakuti nditha kulisiya buku pa tebulo osaopa kuti mwana wanga wa Fomu 3 alitsegula. Mulibe zolaula. Panopa iyenso akuwerenga, ndipo tsiku lina anandifunsa chifukwa chake mtsikana wa ku Scotland sanangothawa. Tinacheza mpaka nsima inazizira. Ndinali ndisanapezepo poyambira nkhani yotereyi ndi iye.

Tsopano za nyenyezi yomwe ndachotsa. Buku lina linalibe masamba asanu ndi limodzi omaliza. Tangoganizani, wawerenga masamba oposa 300, wafika poti mwamuna wabwera kudzapepesa, tsamba lotsatira palibe. Zinandiwawa kwambiri. Nditawaimbira anapepesa, n'kundifotokozera mathero pa foni, n'kundipatsa buku lina osalipira. Ndinayamika, komabe ayenera kumayang'ana masamba buku likangobwera kuchokera kwa wobwereka wina. Mabuku ena akununkha chinyontho, ndipo limodzi chiswe chinayamba kulidya m'mphepete. Makatoni aja akufunika kuchoka pansi mvula isanayambe. Kamodzinso ndinawadikira pafupifupi ola lathunthu ku Limbe, dzuwa likuswa mtengo, foni yawo osapezeka.

Chinanso, chomwe si mlandu wa mayiwa, ndi Chingerezi. La ku Scotland lili ndi mawu a kumeneko monga kirk, bairn ndi lass, omwe poyamba anandizunguza. Mayiwo anandiuza kuti ndi tchalitchi, mwana ndi mtsikana, ndipo kuchokera apo ndinayenda bwino. Koma amayi anga, omwe Buku Lopatulika amaliwerenga tsiku ndi tsiku, sangathe kuwerenga ndi limodzi lomwe mwa mabukuwa. Ndinachita kuwafotokozera nkhani ya ku Scotland ija pakhonde, iwo akusenda nandolo, ndipo anati, "Iwe, zimenezo zinkachitikanso kwathu ku Domasi. Mphunzitsi wa mishoni ankatha kudikira mbeta zaka zitatu." Kenako anayamba kundiuza za agogo awo. M'makatoni onse aja mulibe buku ndi limodzi lomwe lonena za anthu athu, pomwe nkhani zili mbwee: atsikana a sukulu za mishoni, anyamata omwe ankapita ku migodi ku Joni n'kusiya zibwenzi zikudikira, mabanja a nthawi ya John Chilembwe mu 1915. M'mabuku ena a ku America ngakhale eni nthaka a kumeneko amangowadutsa ngati mitengo ya m'mbali mwa njira, ndipo zimenezo sizinandikomere.

Kwa amene mukufuna kuyamba, tsegulani tsamba lomaliza muli pomwepo musanasiyane nawo, ndipo buku lalitali pemphani masabata atatu, amavomera. Ine Loweruka lino ndikukabweza la ku California, ndipo ndawauza kale kuti andisungire la ku Scotland lija. Amayi anga akufuna ndiwawerengere ndikumasulira, mutu umodzi tsiku lililonse tikamaliza kudya.