Wi-Fi ikamadukaduka pa desktop: kachipangizo ka USB, khadi la mkati kapena waya?

Kompyuta yanga inandisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo. M'mawa intaneti inkagwira bwinobwino, koma masana inkangoduka. Ndikazula kachipangizo ka USB n'kukabayanso inkabwerera, pakapita kanthawi n'kudukanso. Foni yomwe inali patebulo pomwepo inkagwira popanda vuto, ndiye ndinadziwa kuti rauta siyolakwa.

Ambirife timayamba ndi kachipangizo ka USB kolandira Wi-Fi chifukwa n'kotchipa ndipo sikafuna kumasula kompyuta. Vuto lake ndi loti eriyo yake ndi yaing'ono ngati chikhadabo, ndiye ife timakabaya kumbuyo kwa chibokosi chachitsulo chomwe chili pansi pa tebulo, chitatsamira khoma. Netiweki ifika bwanji kumeneko? Komanso malo obayapo a USB 3.0, aja amakhala a buluu mkati, amasokoneza Wi-Fi yoyenda pa mafunde a 2.4 GHz, ndipo kampani ya Intel inafotokoza zimenezi mu 2012. Musanakataye, kabayeni pa USB 2.0 kapena gulani kawaya koonjezera ka mita imodzi kuti kakhale pamwamba pa tebulo. Ngati muli pa Windows, lowaninso mu Device Manager, pezani chipangizocho, ndipo pa Power Management chotsani chongera cholola kompyuta kuchizimitsa pofuna kusunga magetsi. Mu Power Options zimitsaninso USB selective suspend, yomwe imagoneka zipangizo za USB pofuna kusunga magetsi. Ine nditachita zimenezi kudukaduka kunachepa kwambiri, ngakhale kachipangizoko kakatentha pokopera fayilo yaikulu kankafookabe.

Khadi la mkati lija, lotchedwa PCIe, ndi lomwe linandipumitsa. Limalowa pa motherboard penipeni (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta), silitenthatentha, ndipo maeriyo ake awiri amatulukira kunja. Makhadi ena maeriyowo amabwera ndi waya wawo moti mutha kuwakweza pashelefu. Makhadi okhala ndi chip ya Intel AX200 amagwira Wi-Fi 6, pomwe AX210 imafikanso pa 6 GHz ngati rauta yanu ili nayo. Koma chenjerani pogula. Makompyuta opyapyala aja ochokera m'maofesi amafuna kachitsulo kafupi komangira, ndiye funsani wogulitsa ngati kalimo m'paketi. Bluetooth ya khadilo siigwira pokhapokha mutalumikiza kawaya kake pa motherboard, ndipo ambiri amaiwala zimenezi n'kumati khadi ndi lakufa. Ngati likufuna driver (pulogalamu yoliyendetsa) pomwe intaneti mulibe, lumikizani foni ndi waya wa USB, mutsegule tethering yogawira kompyuta intaneti ya pafoni, mukopere.

Dziwaninso kuti 5 GHz imathamanga koma imafooka msanga ikadutsa makoma a njerwa. Rauta ikakhala kuchipinda chachitatu, ngakhale khadi labwino lidzabwerera ku 2.4 GHz. Kumeneko, ngati anansi nawonso ali ndi marauta, yesani kuika rauta yanu pa tchanelo 1, 6 kapena 11.

Waya wa Ethernet ulibe zambiri zokamba chifukwa sukhala ndi mavuto onsewa. Waya wa mtundu wa Cat5e kapena Cat6 umafika mamita 100 ndipo umanyamula 1 Gbps. Chomwe chimalepheretsa ndi nyumba ya lendi yomwe eni ake salola kuboola khoma, kapena ka MiFi, karauta kakang'ono koika SIM khadi, komwe nthawi zambiri sikakhala ndi pobaya waya.

Ngati rauta ili m'chipinda chomwecho, musawononge ndalama, kokani waya. Kwanga ili kuseri kwa makoma awiri, ndiye ndinasankha khadi la PCIe, maeriyo n'kuwaika pamwamba pa kabati. Kachipangizo ka USB kaja ndinakasunga mudirowa, kadzathandize tsiku lomwe khadi lidzavute.